Anaika Nthochi M'manda Anga

1

Ine ndine Bertha, wa kwa Nazombe kuno ku Phalombe. Sukulu sindinapondeko, ndiye izi mukuwerengazi ndikungoyankhula, wina akulemba. Ndamuuza kuti asakongoletse. Zaka zanga sindizidziwa, koma pamene napolo ankatsika m'Michesi ndinali kale ndi mwana wotha kusinja.

Ndine munthu wamantha, sindibisa. Amene anaona miyala ikuyenda ngati ng'ombe sasiya kuyang'ana kuphiri. Pakhomo panga aliyense amadziwa malamulo anga. Osasesa dzuwa litalowa. Osakhala pachitseko mvula ikugwa. Ukamva dzina lako kamodzi kokha, usayankhe, dikira aitanenso. Amandiseka, andiseke, koma onse amene ndawalera ali moyo, kupatula mwana wanga wamkazi amene anatisiya n'kundisiyira khanda m'manja.

Khanda limenelo ndi Eliness, mdzukulu wanga. Atakula anakwatiwa ndi Goodman, mnyamata wokonza njinga, amene anabwera kudzamanga pamudzi pathu monga mkamwini. Goodman sindinamukondepo. Ulemu wa pakamwa ali nawo, koma foni siichoka m'manja mwake, ndipo tsiku lina ndinamumva kuseri kwa khola akutsanzira mawu anga, anzake akugwa ndi phwete.

Chaka chatha, nthawi yothyola nandolo, chibayo chinandigwira. Ananditengera kuchipatala cha mishoni, kutali ndi kwathu, ndipo Eliness ndiye anandidikirira. Mwana ameneyo anandisambitsa, anandimwetsa phala ndi supuni, anagona pansi pa bedi langa. Panali masiku amene madokotala ankangogwedeza mitu. Koma Mulungu anakana, ndinachira. Tsiku limene anatitulutsa magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, foni ya Eliness inalibe moto, ndiye sitinauze munthu. Tinakwera minibasi, kenako kabaza.

Titayandikira mudzi tinapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Wakabaza anatsika n'kuyamba kukankha njinga, monga timachitira pakakhala zovuta. Ndinafunsa Eliness kuti kodi watisiya ndani ife tili kuchipatala. Nyimbo zinkamveka, ndipo pamene tinkayenda ndinazindikira kuti zikuchokera pabwalo panga.

Woyamba kundiona anali Happiness, mayi woyandikana naye nyumba. Anagwetsa ndowa n'kuthawira m'chinangwa. Amayi a nsalu zoyera anasiya nyimbo pakati. Ena anathawa, ena anagwada. Mlongo wanga Makina, amene ali mwini mbumba, anali atabwera kuchokera ku Nkhulambe. Iye yekha ndiye sanathawe. Anatapa dothi n'kundiwaza pachifuwa kuti aone ngati ndizimiririke.

"Achimwene, mukundidetsera nsalu," ndinatero.

Pamenepo Goodman anatulukira kuseri kwa nyumba atasenza matabwa. A bokosi langa.

2

Manda anali atakumba kale. Anati uthenga unanena kuti thupi lifika tsiku lomwelo. Ndipo inu mukudziwa, dzenje la manda siligona lopanda kanthu, limaitana wina. Anadula thunthu la nthochi m'dimba langa lomwe, n'kulikulunga, n'kukaliika pafupi ndi mwana wanga, pamalo amene ndinadzisankhira ndekha. Ine anandiletsa kupita. Ndinakhala pakhonde ndikuona anthu akubwera kuchokera kokandiika.

Ndinafunsa Makina amene ananena kuti ndafa. Anati anali Dominic, mwana wa malemu mng'ono wathu, amene ali ku Joni. Anaimba akulira, akuti waziwerenga pafoni. Makina anayesa kuimbira Eliness, foni yosapezeka, ndiye anakhulupirira. Eliness atafunsa Dominic anandiuza kuti zinalembedwa ndi munthu wakutali wosadziwika, mwina maina anangofanana. Anandipempha akulira kuti ndiziiwale.

Ine ndikanaiwala, koma mudzi sunaiwale. Nkhani ya foni anthu anaitaya, anatola ina yokoma. Anati ndinafadi kuchipatala kuja, koma ndinagula moyo n'kubwerako. Kutchalitchi benchi yanga inayamba kutalika, ndinkakhala ndekha ngati wakhate. Ine ndimaphika kalongonda wogulitsa pamsika, nyemba zathu za kuno, ndipo wanga ankatha dzuwa lisanafike pamutu. Tsopano ndinkabwerera naye yense. Ana ankandiona n'kukhota njira. Happiness, amene kale ankapala moto kwanga, ndiye ankayendetsa nkhaniyo kuchitsime.

Kenako a Jonasi, mdala wa kumtunda kwathu, anagwa m'munda n'kufera pomwepo. Anthu anati manda amene ndinawakana aja atenga wina. M'mawa mwake ndinapeza miyala padenga ndi pakhonde, ndipo pachitseko wina anali atalemba ndi khala. Ndinaitana Eliness kuti andiwerengere. Anangotenga madzi n'kufufuta.

Sindinafunikire kuwerenga. Ndakula ndikumva zimene zimachitikira nkhalamba ikapatsidwa dzina la mfiti. Amayamba ndi miyala, amamaliza ndi machesi. Ndinadziwa kuti chondipulumutsa n'chimodzi chokha. Munthu amene anandipha ndi pakamwa aime pamaso pa mudzi n'kunena kuti ndinanama ndine. Ndipo sindikubisirani, sindinkafuna kupulumuka kokha. Ndinkafuna amve kuwawa.

3

Kudera kwathu kuli mayi wa zaumoyo, Selestina, wochokera ku Dedza. Anabwera kudzaona ngati ndikumaliza mankhwala. Ndinamupatsa kalongonda pomuyesa, iye n'kudya mpaka kunyambita zala. Nkhani ya manda anali ataimva, koma nditamuuza kuti inachokera pafoni ya Dominic, anasiya kutafuna. Anandifunsa dzina la bambo anga, ndinamuuza. Anandifunsa ngati ndine amene ndimaletsa ana kuyankha akaitanidwa kamodzi.

"Agogo, pamaliro anu ine ndinalipo," anatero.

Ndinasendeza mpando wanga kumbuyo. Iye anandigwira dzanja n'kunena kuti sakunena maliro a nthochi aja, akunena ena, a pafoni. Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana kumwa mapiritsi.

Akuti pali masewero otchedwa Mudzi wa Mlengalenga. Mulibe zithunzi, mulibe mawu omveka, ndi zolemba zokhazokha. Aliyense amadzipatsa dzina lopeka, nambala sizioneka, ndipo amalemba zimene akuchita ngati ali m'mudzi weniweni. Wina alemba kuti ndalowa, ndakhala pamphasa. Wina alemba kuti ndakupatsani thobwa. Akuluakulu a masewerowo anaona kuti mudzi wawo ukuzizira, ndiye anaika lamulo lakuti aliyense woitana anthu ku chochitika, kaya ndi chinkhoswe, kaya ndi mpira, kaya ndi phwando, azilandira mikanda. Anthu akachuluka, mikanda imachulukanso.

Ndinafunsa kuti mikandayo ndi ya m'chiuno kapena ya m'khosi. Anati si yovala. Ndinafunsa ngati ungagulire sopo. Anati ayi, umagulira nyumba ya m'masewero momwemo, kapena mpando waulemu pafupi ndi dzina lako.

Pamenepo mtima wanga unauma. Ndikanaphedwa chifukwa cha munda, ndikanamva. Koma mikanda yosagwirika.

Selestina anati zinkhoswe zinali zitakwana anthu, tsiku lililonse chinkhoswe. Ndiye wina wodzitcha Mphepo ya Michesi anaitana anthu kumaliro, chinthu chimene palibe anachitapo. Mudzi wonse wa mlengalengawo unasonkhana. Ena anadzipanga okumba manda, ena ophika, wina mlaliki. Iye mwini Selestina analemba kuti wabwera ndi nkhuni. Wina anafunsa ngati maliro ake ndi enieni, popeza dzina linkamveka lenileni, ndipo ndikuganiza kuti ameneyo anali Dominic. Mphepo sanakane, sanavomere. Anangolemba kuti lirani basi.

Ndinamuuza kuti andiwerengere zonse, asadumphe.

Abale anga, kumva mbiri yako uli moyo si chinthu chabwino. Dzina langa linalimo, la bambo anga, ndi mudzi wanga. Munali chala changa chakuphazi chimene khasu linadula. Kenako munali malamulo anga onse, limodzi limodzi, olembedwa mmene ndimayankhulira, ndipo pansi pake anthu ankaseka. Ena anati agogo amenewa ankaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Pomaliza munali mawu akuti agogo anapempha kugona pafupi ndi mwana wawo, mutu kuloza kuphiri, kuti napolo akamadzabwera adzayambe ndi iwo kumuona.

Mawu amenewo ndinawanena kamodzi kokha, pakhonde panga, tikusenda chinangwa cha makaka. Panali anthu awiri. Mmodzi anali amene anagona pansi pa bedi langa kuchipatala. Winayo anali wotsanzira mawu anga kuseri kwa khola, amene ndinamupeza atasenza matabwa.

4

Selestina ankafuna kuti tipite kupolisi. Ndinakana. Apolisi akanatenga foni ya Goodman, iye n'kufufuta, n'kukana, mudzi n'kunena kuti mfiti ikufuna kudya mkamwini. Selestina anati ngakhale akuluakulu a masewerowo sadziwa maina enieni a anthu awo.

Mkwiyo uli ngati kalongonda. Ukaufulumizira umapha wophika yemwe. Umafunika kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso. Ndinakhala masiku ndikuganiza, kenako ndinamuitana Selestina n'kumufunsa ngati aliyense angathe kuitana anthu m'mudzi wawowo. Anati inde. Ndinati ndiye nanenso ndiitana.

Ndinamuuza alembe kuti pali munthu wokonda masewerowo amene akufuna kuti anthu a Mlengalenga akumane maso ndi maso kamodzi, ku Fort Lister, linga lakale la azungu la pampata wa mapiri, kumene achinyamata amakonda kukajambulitsa. Asankhe okha chochitika chimene chinaposa zonse chaka chino, ndipo mwini wake adzalandira mbuzi. Osati ya mlengalenga. Yolira mee, yokhala ndi chingwe. Koma adzailandire yekha ndi manja ake.

Selestina anaseka mpaka misozi, kenako anasiya kuseka n'kundifunsa kuti nanga munthuyo akachita mantha. Ndinamuuza kuti munthu amene anapha gogo wake chifukwa cha mikanda yabodza sangathawe mbuzi yeniyeni ndi kuomberedwa m'manja ndi anthu.

Akuluakulu a masewerowo anakondwa kwambiri, anapatsa Selestina mikanda yambiri chifukwa cha ganizolo. Anasankha mphunzitsi wina wa ku Mulanje, Mcdonald, kuti adzatsogolere, ndiye Selestina sanafunike kuonekera. Anthu atasankha, maliro anga anapambana kutali. Mphepo ya Michesi analemba kuti adzabwera.

Ine ndinali ndi mbuzi yaikazi imene inkasungidwa kwa Makina ku Nkhulambe. Ndinamuuza mlongo wanga zonse, n'kumuuza kuti tikamugwira Goodman, tsiku lomwelo amange katundu wake. Makina anati ukwati si wanga, ndi wa Eliness. Ndinati Eliness adzalira, adzaleka, amuna sanathe.

Masiku amenewo ndinkamuyang'anitsitsa Goodman. Ankakonza denga langa pamene miyala inaboola, ine n'kumati konza, mwana wa njoka. Lachisanu madzulo anandiuza kuti mawa alawirira kukagula zipangizo za njinga kuboma. Ndinamufunira ulendo wabwino. Eliness anati iyenso ali ndi kwaya kumpingo wa tsidya. Ndinamuchenjeza kuti asawoloke pamene madzi akuoneka odekha, ndi pomwe pamakhala pakuya.

Mboni ndinasankha ndekha. Ndinapita kwa Happiness n'kuima panja pa mpanda wake, popeza sakanandilola kulowa. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kuona amene anandipha, akwere njinga mawa. Mantha anali nawo, koma miseche inamukoka kuposa mantha.

5

Tinafika dzuwa litakwera, ine, Makina, Happiness ndi Selestina. Tinakhala kuseri kwa chipupa chakugwa, mbuzi tinaimangirira pamtengo. Ndinadzifunditsa nsalu mpaka kumaso. Mphepo ya pampata paja inkandilowa m'mafupa.

Ndinkayesa ndipeza ana osamva. Koma kunali anthu a ndevu zawo, aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi. Ankafunsana maina awo opeka n'kukumbatirana ngati abale otayana pankhondo. Bambo wina wamimba anapezeka kuti ndi amene amadzitcha Kamtsikana, anzake anaseka mpaka kukhala pansi. Ndinayang'ana nkhope iliyonse. Goodman panalibe. Makina anandinong'oneza kuti mbewa yanunkhiza msampha.

Kenako kabaza anatsitsa mtsikana wovala diresi yofiira imene sindinaionepo, magalasi akuda, meshi watsopano wofika kumsana. Nkhope sindinaione bwino, koma mayendedwe a mwana amene unamuphunzitsa kuyenda suwaiwala. Mtima wanga unamuikira kumbuyo pomwepo. Ndinati watulukira za mwamuna wake, wabwera kudzamugwira yekha. Kapena wamutuma kudzamulandirira mbuzi.

Mcdonald anaimirira n'kunena kuti tsopano tione nkhope ya munthu amene anatiliza tonse. Anaitana Mphepo ya Michesi kamodzi kokha. Eliness anayankha.

Anthu anaomba m'manja, ena anaimba nthungululu. Iye anavula magalasi n'kuwerama mwaulemu. Ndinali ndisanamuonepo akumwetulira chotero. Kunyumba ndi mwana wofatsa, woyankhula akuyang'ana pansi. Apa anaima mowongoka, akuponya nthabwala, anthu akumumvera. Ine ndinkadikirabe kuti anene kuti wabwera m'malo mwa mwamuna wake.

Mcdonald anamufunsa kuti anatha bwanji kulemba mogwira mtima chotero.

"Sizinavute," anatero Eliness. "Agogo anga anali mtulo pabedi, ndiye ndinkangowayang'ana nkhope n'kumalemba."

Happiness anandigwira mkono. Aka kanali koyamba kundikhudza chibwerereni kuchipatala. Makina anati tizipita, tikakambe kunyumba. Ndinati ayi, ine ndinaitana anthu, ndimalize ulemu wanga.

Mcdonald ananena kuti wopereka mphatso ali pomwepo. Ndinamasula mbuzi, ndinavula nsalu kumutu, ndinayenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pawo. Eliness anandiona ndili patali. Magalasi anagwa m'manja mwake.

"Landira, mwini maliro," ndinatero. "Mtembo wabwera kudzathokoza."

Sanatambasule dzanja. Ndinamugwira ndekha n'kumukulunga chingwe padzanja. Kenako ndinatembenukira anthu aja n'kuwauza kuti ine ndine Bertha amene munamuika. Ndinavula patapata n'kuwaonetsa phazi lopanda chala. Ndinathokoza amene anabwera ndi nkhuni, amene anaphika, amene analalikira. Ndinawauza za nthochi, za a Jonasi, za miyala ya padenga. Panalibe woseka. Bambo wamimba uja anavula chipewa.

6

Pobwerera sitinakwere njinga msanga. Tinatsika wapansi, Eliness akukoka mbuzi, ndipo anayamba kuyankhula yekha osafunsidwa. Anati m'chipatala muja analibe womuyankhula. Anati ankaona kuti ndikupita, ndipo mantha ankamutsamwitsa, ndiye analemba kuti ayeseze kulira kuli anthu. Anati kale anaitanapo phwando m'masewerowo, kunabwera anthu osakwana dzanja limodzi. Koma tsiku la maliro aliyense ankamutchula dzina, aliyense ankamupepesa, ndipo sanathe kusiya. Za Dominic sankadziwa kuti alimo.

Ndinamvetsera mpaka anamaliza. Ndinamuuza kuti zimenezo ndikanazimeza, mwana wosiyidwa yekha ndi wodwala amaganiza zopusa.

"Koma miyala ikugwa padenga langa, pakamwa pako panali kuti?" ndinamufunsa. "Utafufuta khala lija pachitseko, unagona tulo?"

Anangopitiriza kukoka mbuzi, ine n'kuonjezera.

"Nanga lero, diresi yofiirayi?"

Anakhala pansi pamsewu n'kuyamba kulira. Makina anafuna kumudzutsa, ndinamuletsa. Ndinati musiyeni, wazolowera kulira pali anthu.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, Makina anaitana mudzi pabwalo panga. Sanavutike, Happiness anali atafika kale khomo lililonse. Eliness anaima pakati n'kuwerenga zonse zimene analemba, kuyambira dzina langa mpaka mutu woloza kuphiri. Mawu akamatsika ndinkamuuza kuti akweze, a kumbuyo sakumva. Ananena ndi pakamwa pake kuti sindinafe, kuti iye ndiye ananama, ndipo anadziwa nthawi yonseyi. Akazi a malemu a Jonasi anadzuka n'kubwera kudzakhala pamphasa yanga. Onse anaona.

Makina anafuna kutseka nkhani pamenepo. Ndinati sinathe. Ndinafunsa anthu ngati kwathu kuno maliro amatha anamfedwa asanamete. Anati satha. Ndinati ndiye mwini maliro uyu analira, analandira chipepeso, koma kumeta sanamete, ndipo maliro osatseka ndi amene amadwalitsa mudzi.

Ndinamumeta ndekha. Meshi uja ndinadula ndi mpeni, zotsala ndi lezala, mpaka mutu unawala. Ndi mutu womwewo umene ndinaumeta tsitsi la kubadwa, mayi ake atangopita. Ndikanama ndikanena kuti sindinakumbuke, koma sindinasiye.

Mbuzi anaipha Goodman. Ndinaphika ndekha, n'kuikapo beseni la kalongonda, n'kukhala pamene aliyense angandione. Anadya. Ena anayamba ndi kuyang'anizana, koma anadya, ndipo beseni linabwerera lopanda kanthu. Chichokereni tsiku limenelo palibe mwala umene wagwa padenga langa.

Goodman anali atapitadi kuboma kukagula machubu. Za masewerowo sankadziwa n'komwe, foni yake ndi ya mpira basi. Sindinamupepese, mkamwini sapepesedwa. Ndinangomuphera nkhuku, iye anadabwa, anadya.

Anthu atabalalika ndinaitana Eliness, Makina ali pomwepo kuti akhale mboni. Ndinamuuza kuti munda wa mayi ake ndi wake, nyumba yake palibe woigwetsa, akadwala ndidzamuphikira phala. Koma munthu saika gogo wake kawiri. Tsiku langa lenileni likadzafika, asadzandisambitse, asadzakhale m'nyumba ya siwa, asadzaponye dothi. Adzakhale panja ndi alendo.

Anagwada n'kundigwira mapazi. Anati ndimumetenso kakhumi, ndimuthamangitse pamudzi, koma chimenecho chokha ndibweze.

"Mbali yako unalira kale," ndinatero. "Unalandiranso mikanda."

7

Tsitsi lake lamera tsopano. Foni anagulitsa yekha, ine sindinamuuze. M'mawa uliwonse amandibweretsera madzi osamba, ndipo nthawi zina amachedwa kuchoka, akudikira kuti mwina lero ndinena kanthu. Selestina, amene akulemba izi, wandipempha kambirimbiri kuti ndifewetse mtima. Akuti a Mlengalenga anaika lamulo latsopano, dzina la munthu wamoyo lisalowenso m'masewero awo. Ndinati achita bwino, koma nthochi yanga ili pansibe, ndipo pamalo amene ndinasankha pafupi ndi mwana wanga sindidzagonapo.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi ana okhala chete ndi foni pakona, musamati poti ali pakhomo ndiye ali pakhomo. Ena ali kumudzi wina kumene amawaombera m'manja, ndipo munthu wolawa m'manja mwa anthu amatha kugulitsa chilichonse chimene chili pafupi. Ine ndinachenjeza mwana za mitsinje, za mphezi, za alendo, ndinalondera mkamwini zaka zonsezi, koma amene anali pansi pa bedi langa sindinamuyang'ane. Ndipo inu opereka mphotho, muzifunsa kuti chimene mukuomberacho munthu wachitenga kuti.

Ena a inu munena kuti nkhalamba iyi ndi youma mtima. Nenani. Simunakhalepo pakhonde panu n'kumaona anthu akubwera kuchokera kokakuikani. Akuluakulu athu anatcha okumba manda kuti adzukulu, dzina lomwelo la ana a ana athu, ndipo ine ndinkayesa kuti mawu anangowasowa. Sanawasowe. Wanga anamaliza ntchito yake ndili moyo, ndiye tsiku langa akapume.